Mikono ya Singano

"Amayi, mundisokere bulauzi ina ya yunifomu. Ya manja aatali, ofika m'zala."

Make Singano sanatukule ndi mutu womwe. Phazi linali pa makina, milomo italuma mapini, ndipo diresi la mwini wake linali kudikira kupindidwa m'munsi dzuwa lisanafike pamutu.

"Kutentha konseku manja aatali? Ukufuna kuphikika? Ndiponso ukutani muno nthawi ino? Anzako belu linawalirira kalekale."

"Sindipita."

"Mutu?"

"Ayi. Sindipitanso basi. Sukulu ndasiya."

Apa ndiye makina anaima. Make Singano analavulira mapini m'dzanja, n'kumuyang'ana mwana wake kuyambira kuphazi mpaka kumutu. Unali ulendo wautali ndithu, chifukwa mtsikanayo anali wamtali ndi wochepa thupi, n'chifukwa chake makasitomala a shopuyo anam'patsa dzina la Singano akadali wamng'ono, dzina n'kumukakamira mpaka mayi ake omwe kutchedwa nalo. Anali m'chaka chomaliza cha sekondale, mayeso ali pakhomo. Mwana woti ngakhale malungo am'gwire ankalimbana ndi mayi ake kuti apite kusukulu, lero ati wasiya? Anaima pakona pafupi ndi shelefu ya nsalu, manja atawabisa kumbuyo ngati waba.

"Bweretsa chikwama chako."

"Amayi, chisiyeni."

"Ndati bweretsa!"

Mmene anatsegula zipi, fungo linamulonjera. Makoko a nthochi, ena akuda bii, ena adzulodzulo, atanyowetsa mabuku mpaka masamba kumatana. Make Singano anawakhuthulira pansi.

"Ndani?"

Singano anayamba ndi misozi, mawu n'kubwera pambuyo. Nkhani yake inali ya amalume ake enieni, mlongo wamng'ono wa Make Singano, amene ankaphunzitsa sayansi pasukulupo. Ana ankawatchula a Mafupa chifukwa ankayenda kalasi ndi kalasi ndi mafupa a munthu apulasitiki opachika pa chitsulo, ndipo amene ankawanyamulira mafupawo tsiku lililonse, monyadira, anali Singano yemweyo. Sabata yathayo a Mafupa anaphunzitsa zoti nyama zimaikidwa m'magulu a pachibale, n'kunena kuti munthu ali gulu limodzi ndi chimpanzi ndi gorila, anyani akuluakulu aja opanda mchira. Kalasi yonse inakana. Ndiye pofuna kuwaonetsa ndi maso, anaitana Singano kutsogolo. Anamuuza akweze mkono, auzunguze paphewa, agunditse chala chachikulu ku zala zinazo. Kenako anam'tembenuza kuti apatse anzake msana, n'kunena kuti, "Mwaona? Mchira palibe."

"Kalasi inaphulika, amayi. Kuyambira tsiku limenelo ndikangolowa pageti amayamba hu-hu-hu, akudzikanda m'khwapa. Akuti mikono yanga ndi yogwirira nthambi."

Make Singano anadzuka, mpando n'kugwa chagada, osautola. Anatuluka tepi yoyezera ikadali m'khosi, ulusi utamatirira pasiketi, diresi la eni ake n'kutsala lili pakamwa pa makina. Mwana ameneyu anamulera yekha ndi phazi lopondera makina. Ndipo mphunzitsi yemweyo, ndevu zonsezo, amene anam'sambitsa mamina mayi awo atamwalira anali ndani? Njira yonse ankalankhula yekha, anthu n'kumam'patukira.

Anafika pa nthawi yopuma. Anyamata ena amene anakhala pakhonde atamuzindikira anagwirana zigongono, mmodzi n'kutulutsa ka "hu-hu" kapansipansi. Make Singano anangotembenuka n'kumuponyera diso limodzi, mnyamatayo n'kumeza mate n'kuyamba kumanga zingwe za nsapato zomangamanga kale.

A Mafupa anawapeza m'chipinda cha sayansi akupukuta bolodi, malaya oyera a manja aatali atawamanga mabatani mpaka m'khosi monga mwa masiku onse. Mafupa apulasitiki aja anali chilili pakona, mano ali pamtunda.

"Achemwali! Kwagwanji? Singano sindinamuone m'kalasi, wadwala?"

"Ndiwe unauza ana a eni kuti mwana wanga ndi nyani?"

"Aaa, achemwali, takhalani pansi kaye."

"Sindinabwere kudzakhala. Yankha!"

"Sindinanene Singano yekha. Ndinati tonse. Ine, inu, ahedi, aliyense."

"Ine? Ine nyani? Iwe, mayi amene anakubereka uja unawaona akudumpha m'mitengo?"

"Si choncho ayi. Palibe akunena kuti amayi anali chimpanzi. Ndikunena kuti ife ndi iwo tinachokera ku kholo limodzi kalekale, ndiye asayansi amatiika m'gulu limodzi."

"Eya, wanena wekha, amatiika! Anatiika ndani? Anthu anakhala pansi atakhuta, n'kujambula mabokosi papepala, uyu umu, uyu umu. Ine nsalu zanga ndimasanja poona mtundu, zofiira pazokha, zobiriwira pazokha. Mnzanga wa shopu yapafupi amasanja poona kukhuthala. Wolakwa ndani? Palibe. Ndi kukonda kwa munthu. Ndiye iwe ukatenge kukonda kwa anthu ena n'kukamupachika nako mwana wanga?"

A Mafupa anaika chopukutira patebulo. Anali munthu woti mtsutso ukayamba maso amawala, amaiwala ndi amene akulankhula naye. Khalidwe limeneli mlongo wake ankalidziwa kuyambira ali mwana, ndipo linkamunyansa.

"Pamenepo mwakhudza penipeni," anatero akukweza chala ngati ali m'kalasi. "Dzina la bokosilo, inde, analisankha ndi anthu. Akanafuna akanalitcha dzina lina. Koma zoti uyu ali pafupi ndi uyu sanasankhe munthu. Taonani phewa ili, taonani mano awa, muwerenge. Mukapita m'magazi, mu DNA, mupeza kuti chimpanzi ali pafupi ndi ife kuposa mmene alili ndi gorila. Ndiye simungatsekere chimpanzi ndi gorila m'nyumba imodzi, munthu n'kumusiya panja. Aliyense amene angayeze apeza zomwezo, afune asafune."

"Usandiopseze ndi zilembo, ndinakugulira ndine buku loyamba. Chimpanzi wakoyo anasokapo diresi? Anaikapo maliro a mayi ake? Bwanji osagawa kuti olankhula mbali ino, osalankhula mbali iyo? Kapena bokosi limenelo silikukoma chifukwa mulibe chipongwe?"

"Mutha kugawa choncho, koma pamenepo mukugawa luso, osati ubale. Inu mumasoka, ine ngakhale batani sinditha kuika. Ndiye tasiya kukhala pachibale? Chibale ndi fupa, achemwali, sichiola."

Ha! Mwambi umenewu ukanakhala bwino pakamwa pa wina, osati pa iyeyu, osati lero.

"Ukudziwa chibale iwe? M'kalasi modzaza ana, unasowa wina woimika kutsogolo?"

A Mafupa anakanda m'mutu. "Ndinaganiza kuti ndikaitana mwana wa eni, makolo ake abwera ndi nkhondo. Ndiye ndinati nditenge wanga yemwe, sangandimve molakwa."

"Wanga yemwe! Ndiye wako ndi wopanda khungu, eti? Nkhondo unkaithawayo ndi ino yafika. Chikwama chake chadzaza makoko a nthochi. Akuti sukulu wasiya, mayeso ali pakhomo. Tamvera, mawa m'mawa ukaime pamaso pa ana onse aja, ukanene kuti zija zinali maganizo chabe a olemba mabuku, munthu si nyani. Ukatero mwana wanga abwerera."

"Za makoko sindimadziwa, ndipo amene achita zimenezo ndithana nawo lero lomwe. Koma zoti ndikanene kuti ndi maganizo chabe, ayi. Limenelo ndi bodza. Funso lomwelo likabwera pamayeso, ana onse aja akalembe bodza langa?"

"Ndiye pakati pa buku ndi mwana wa mlongo wako wasankha buku."

"Sindinasankhe, achemwali. Zoona sizisintha chifukwa choti wina wakwiya."

Pawindo panali patadzaza mitu ya ana. Make Singano anaiona, koma analibe nazo ntchito. Analoza mafupa a pakona aja.

"M'bale wako ndi uyo. Uzikadya kwa iyeyo, ukadwala akakusambitse ndi iyeyo. Pakhomo panga usadzapondepo!"

Anatuluka n'kumenyetsa chitseko, mafupa aja n'kugwedera gobedegobede.

Masana onse ntchito sinayende. Mzere wa diresi unakhota, anausula, unakhotanso. Mwini diresi atabwera anam'bweza ndi mawu awiri okha, mayiyo n'kuchoka akung'ung'udza. Singano anakhala pa mpando wa makasitomala akusula ulusi pa siketi yakale. Mayi ake atatopa ndi kumuona atapinda manja m'khwapa, anatsitsa nsalu yoyera pashelefu n'kuyamba kulemba ndi choko manja aatali aja. Ngati manja a bulauzi ndiwo angam'bwezere kusukulu, asoka. Koma mumtima ankadziwa kuti nsalu siitseka pakamwa pa ana.

Dzuwa litapendeka, pakhomo panaima mthunzi. A Mafupa, choko chili mbuu m'manja.

"Odi, achemwali."

"Ndinati chiyani za pakhomo panga?"

"Pano ndi pashopu."

"Usandiyese, iwe! Sizasi ili m'manja."

Analowabe. Anati anyamata a makoko aja awapeza ndipo alangidwa. Akanathera pomwepo, mwina zinthu zikanazizira. Koma munthu wa mtsutso ndi wa mtsutso. Anawonjezera kuti m'njira amaganizira za nsalu zija, ndipo fanizolo silikugwira, chifukwa nsalu sizibadwa kwa nsalu inzake. Basi moto unabukanso. Make Singano anati Mulungu sanapume mpweya wake mwa gorila. A Mafupa anati sayansi siyeza mpweya umenewo, imayeza thupi, ndipo iwo eni kutchalitchi amapita. Make Singano anati amene amasankha choyeza ndi amene wasankha kale yankho. A Mafupa anati ayese china chilichonse cha m'thupi, yankho lituluka lomwelo. Mawu anakwera mpaka wometa tsitsi wa khomo linalo anazimitsa wailesi kuti amve bwino. Onse awiri ankaloza Singano pokangana, uyu "mwana wanga," uyu "mwana wathu," koma panalibe amene anamuyang'ana.

"Munaseka."

Mawuwo anatuluka motsitsa, moti Singano anachita kubwereza.

"Amalume, munaseka."

Singano anali ataimirira, siketi yakale ija ili pansi.

"Ine? Ayi, mwanangu, ine sindi..."

"Munaseka! Pamene mnyamata wa kumbuyo uja anakuwa hu-hu, inu munatembenukira kubolodi, munatseka pakamwa ndi dzanja, mapewa akugwedezeka. Choko chinatsala pamilomo panu. Ndinakuonani. Ine ndili chiimire, mkono uli m'mwamba, kudikira kuti amalume anga awakalipira. Kenako belu linalira, inu munatenga mabuku n'kutuluka. Ndinanyamula mafupa anu kukutsatirani, kalasi yonse ikulira ngati anyani kumbuyo kwanga, inu osacheuka."

A Mafupa, munthu amene tsiku lonse mayankho amangotuluka ngati madzi a pampopi, anangokhala pa mpando wa makasitomala mosaitanidwa, akuyang'ana manja ake a choko.

Make Singano anamva mkwiyo wina watsopano, wozizira, woposa wa m'mawa uja. "Unaseka," anatero. "Mwana amene amakunyamulira zidole zako."

"Zinangondipulumuka," a Mafupa anayankha ndi mawu osweka. "Singano, pepa. Achemwali, mwapambana. Mawa ndikanena zimene mukufuna. Ndikati ndi maganizo chabe, aliyense akhulupirire zake."

"Wamva?" Make Singano anatembenukira kwa mwana wake. "Akakonza. Mawa upita."

"Akakanena zimenezo ndiye sindidzapondakonso mpaka kufa."

"Iwe mwana, wapenga? Si zimene timafuna?"

"Ndi zimene mumafuna inu, amayi. Ine simunandifunse." Singano anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Taganizani. Akakati si sayansi, ndi mmene munthu amaonera, ndiye kuti amalume anayang'ana kalasi yonse n'kuona kuti wofanana ndi nyani ndine. Dzinalo likhala langa ndekha mpaka kalekale. Koma ngati zili zoona, ndiye kuti ndi tonse. Wa hu-hu uja, wa makoko uja, ahedi, inu amalume. Phunziro lija simunalimalize. Munaliyamba pa thupi langa n'kulisiya pomwepo."

Make Singano anayang'ana nsalu yoyera ija patebulo, mizere ya choko ya manja aatali. Zinamuwawa. Anapita kukamenya nkhondo tsiku lonse, anatukwana mlongo wake pamaso pa ana, anathamangitsa kasitomala, ndipo chimene ankamenyera chikanam'khomera mwana wake dzinalo ndi msomali. Zoti munthu ndi nyani sanazivomere, ndipo sankaona kuti adzazivomera.

"Ndiye ndichite chiyani?" a Mafupa anafunsa.

"Mukamalize. Koma kutsogolo mukaime inuyo."

A Mafupa anagwira batani la pamkono wa malaya awo. Mlongo wawo yekha ndi amene ankadziwa chifukwa chake munthuyu sankavala malaya a manja aafupi ngakhale dzuwa liswe mtengo. Malaya onsewo ankasoka ndi iye. Mikono ya a Mafupa inali ya cheya chambiri, chakuda, chofika mpaka pa zala, ndipo ali mnyamata anzake ankamuseka mpaka kulira.

"Anyani amasekana zikundu," anatero Make Singano mouma. "Wamva zimene wanena mwana. Tuluka, ndikufuna kutseka."

M'mawa mwake Singano anavala bulauzi yake yakale ya manja aafupi. Mayi ake anati amuperekeza mpaka pageti basi, koma atafika pageti miyendo inapitirira yokha mpaka pawindo la chipinda cha sayansi.

A Mafupa anali kutsogolo. Anavula nsapato ndi masokosi n'kuziika patebulo. Kenako anamasula mabatani, napinda manja a malaya mpaka m'mapewa. Kalasi inaphulika kuposa tsiku lija. Ena anagwa pa madesiki, ena kumenya mapazi pansi, hu-hu-hu ali ponseponse. Make Singano anaona khosi la mlongo wake likunyowa thukuta, milomo ikunjenjemera ngati mmene inkachitira ali kamnyamata. Anayembekeza kuti mtima wake usangalala. Sunasangalale.

Koma a Mafupa sanatembenukire kubolodi. Anadikira phokoso litsike, mkono uli m'mwamba.

"Mwamaliza? Sekani, cheya ichi n'changa. Tsopano aliyense aimirire. Iwe wa kumbuyo, uyambe ndiwe. Kweza mkono. Uzunguze. Gunditsa chala chachikulu ku zinazo. Nonse! Gwirani kumsana kwanu, amene wapeza mchira abwere nawo kuno."

Anaimirira mmodzimmodzi, monyinyirika, mpaka kalasi yonse inali mikono m'mwamba, yaifupi, yonenepa, yaitali, ikuzungulira. Kuseka kunalipobe, koma tsopano aliyense ankaseka mnzake woyandikana naye ndi iye mwini. A Mafupa anafotokoza za phewa, za mano, za kholo limodzi. Ananenanso kuti tsiku lija analakwa kuimika munthu mmodzi pa nkhani ya anthu onse, ndipo analakwa koposa kuseka. Singano anali pa desiki yake, mkono wake wautali uli m'mwamba pamodzi ndi ya anzake. Sanaseke ngakhale pang'ono.

Belu litalira, ana anatuluka akukankhana, ena akuyeserera kuyenda kwa a Mafupa opanda nsapato. Zinali zoonekeratu kuti dzina lija lapeza mwini watsopano, ndipo silidzachoka msanga. A Mafupa anavala nsapato, natsitsa manja a malaya, n'kuima pafupi ndi mafupa aja monga ankachitira masiku onse podikira wowanyamulira.

Singano anatolera mabuku ake othimbirira aja. Pofika pakhomo anaima.

"Singano, mwanangu," a Mafupa anayamba.

"Phunziro ndalimva. Zikomo, aphunzitsi."

Anatuluka n'kulowera ku kalasi ya masamu. A Mafupa anatsala chiimire. Kusukulu konse, ngakhale pamaso pa ahedi, mwanayo anali asanawatchulepo dzina lina koma amalume. Patapita kanthawi anakumbatira mafupa awo okha n'kutuluka nawo, miyendo yapulasitiki ikukokeka pansi.

Pakhonde anakumana maso ndi mlongo wawo.

"Ine si nyani," anatero Make Singano.

"Ndamva, achemwali."

"Batani la pamkono lathothoka. Ubweretse madzulo, ndikakuikire."

Anabwerera kushopu, nafafaniza mizere ya choko pa nsalu yoyera ija, n'kuibwezera pashelefu. Madzulo a Mafupa anabweradi ndi malaya awo. Singano anawalandira ndi manja awiri, anawapatsa mpando, anawabweretsera madzi akumwa mwaulemu wonse, n'kutenga mabuku ake kukawerengera kuseri kwa shopu.